Foni Yolira Yokha

Lolemba limenelo ndinapezanso mchere m'nsapato zanga zam'kalasi.

Sindinadabwe n'komwe. Ndinaukutumulira m'bini ya pakhomo, n'kuvala nsapatozo ngati palibe chachitika. Kwathu munthu akachokera ku maliro amadziwaza mchere asanalowe m'nyumba, ndiye anzanga a m'kalasi ankaona ngati ndi nthabwala yabwino kundithirira ine, poti bambo anga, a Tokiwa, ndiwo amakonza maliro onse a m'tauni mwathu. Ndiwo amasambitsa, kuveka, kuika m'bokosi ndi kuperekeza kowotchera. Dzina langa ndine Mebuki, koma kusukulu ndinkadziwika kuti mwana wa mabokosi. Ankalinena motsitsa mawu dzinalo, ngati kuti ndikalimva ndiwayeza msinkhu kuti ndiwakonzere bokosi.

Inali nyengo ya mvumbi. Chifunga chinkatsika m'mapiri a mikungudza m'mamawa n'kudzakhala pabwalo la sukulu osafuna kuchoka, moti nyumba yakale yamatabwa, imene anaisiya ana atayamba kuchepa m'tauni muno, inkangooneka denga lokha.

Kumeneko ndi kumene ndinkakadyera nkhomaliro. M'kalasi belu likalira anthu amagundanitsa madesiki, atatu apa, anayi apo, ndipo desiki yotsala yokha imaonekera patali. Ndinatopa nazo. Ndinapeza kachipinda pamwamba pa nyumba yakaleyo, mmene kale ankaulutsiramo zilengezo za sukulu. Munali fungo la nkhungu, mpando umodzi, ndi foni yachikale pakhoma, ya chingwe chopotana, yoimbira m'zipinda za nyumba yomweyo basi.

Pa foni imeneyo ndi pamene ndinapeza mnzanga woyamba m'moyo wanga.

Anali Urabe Kanta, wa m'kalasi mwanga momwe. Mnyamata wamtali mochita kuwerama pakhomo, wa nsidze zokumana, amene ana a chaka choyamba ankamupatukira m'khonde poganiza kuti wakwiya. Sanali wokwiya. Anali wachibwibwi, ndipo ankakwinya nkhope chifukwa chokankha mawu okana kutuluka. Iye ankadyera pansi, m'chipinda chakale cha sayansi, pakati pa mbalame zouma ndi mabotolo a achule. Chiyambireni chaka tinkacheza pa foniyo masana aliwonse, ine pamwamba iye pansi. M'kalasi sitinapatsanepo ndi moni womwe. Maso akakumana, iye ankayang'ana kudenga, ine pansi.

* * *

"Mwa-mwafika, Tokiwa-san?" anafunsa Urabe, akunditchula mwaulemu ndi dzina la bambo anga.

"Ndafika. Mukudya chiyani lero?"

"Buledi wa m'makina ogulitsa zakudya aja. Akuti muli nyemba zotsekemera. Sindinazipezebe."

Pa foni chibwibwi chake chinkachepa. Chinkangomugwira pa liwu loyamba, kenako n'kumusiya.

"Nanga ntchito yathu ija?" ndinafunsa. Tinali titapangana kuti aliyense azipereka moni kwa munthu mmodzi patsiku, kuti mwina pofika tchuthi tidzakhale ngati anthu ena onse.

"Ndinayesa. Mnyamata wa kutsogolo kwanga uja. Ndinamugwira paphewa, ndinatsegula pakamwa..."

"Ndiye?"

"Mawu osatuluka. Ndinangomuyang'ana. Anandipatsa chofufutira chake n'kupepesa."

Ndinaseka mpaka mpunga unandipalira.

"Musaseke, inu. Thumba langa ladzaza zofufutira za eni. Nanga kwanuko zinayenda?"

"Ndinati 'wadzuka bwanji' kwa mtsikana wa pawindo uja. Osadziwa kuti ali ndi timawaya ta nyimbo m'makutu. Ndiye ndinangopitiriza, 'wadzuka bwanji, wadzuka bwanji,' ngati ndi nyimbo yanga imene ndimaimba ndekha."

Anaseka. Kuseka kwake kunali kwa pansipansi, ngati munthu wobisa chinthu m'malaya, ndipo ndinkakukonda kuposa mmene ndinkavomerera. Kenako anakoka mpweya wautali. Ndinali nditazolowera kuti akatero ndiye kuti pakubwera mawu olemera.

"To-Tokiwa-san. Lachisanu... kodi tingayendere limodzi popita ku siteshoni? Osati pa foni. Ndi miyendo."

"Ndi miyendo," ndinabwereza ngati chitsiru.

"Ngati simukufuna, musadandaule, ine ndingoti..."

"Ndikufuna."

Ndi pamenepo pamene ndinamva. Tho. Tho. Tho. Madzi akudontha, pafupi kwambiri, ngati munthu wonyowa waima n'kugwira foni. Ndipo pansi pa kudonthako panali mpweya wautali, wodekha, wosiyana ndi wa Urabe amene ankapuma mothamanga.

"Kukudontha kwanuko?" ndinafunsa.

"Ayi. Ine ndimayesa ndi kwanuko."

Ndinayang'ana kudenga. Kunali kouma.

"Nanga akupumayo ndani?"

"Ine ndagwira mpweya," ananong'ona.

Nanenso ndinali nditaugwira. Kupumako kunapitirirabe, kenako panamveka kakuseka kakang'ono ka m'mphuno, ndipo foni inangoti zii.

* * *

Titaweruka, nthawi yosesa, ndinkachapa nsanza pa sinki ya m'khonde pamene Somekawa Ririka anadzaima pambali panga. Ririka anali mtsikana amene desiki yake inkazunguliridwa ndi madesiki ena asanaitane n'komwe. Nyumba ya kwawo inayang'anizana ndi sitolo ya makeke ya a Urabe, ndipo anakula akulowa m'nyumbamo osagogoda. Ndi yekhayo amene ankamutchula Urabe kuti Kan-chan, dzina lachikondi la paubwana, ndipo ankatero mokweza kuti tonse timve.

"Umachapa bwino, eti, Tokiwa-san," anatero akumwetulira. "Ndi maphunziro a kunyumba?"

Ndinapitiriza kuchapa.

"Ndakuona ukutuluka m'nyumba yakale. Kan-chan watuluka pambuyo pako makutu ali psuu. Mumakachita chiyani kumeneko?"

"Timadya. Aliyense kwake."

"Aliyense kwake. Ndiye mumacheza bwanji, pogogoda khoma?"

"Pa foni yapakhoma."

Kumwetulira kwake kunazima. "Usamachite nthabwala ndi zimenezo."

"Sindikuchita nthabwala."

"Kuja anadula magetsi kalekale, iwe. Funsa aliyense." Anatseka mpopi umene ndinkachapirapo, khonde lonse n'kukhala phee. "Ukudziwa amene ankakhala m'kachipinda kako kaja? Chizuru, mchemwali wake wa Kan-chan. Ndiye ankaulutsa zilengezo masana. Mtsinje unamutenga pa mvula ngati yomwe ino akuchokera kusukulu, ife tikadali ku pulayimale. Anakamupeza patapita masiku, kumunsi kwa mlatho. Ndipo amene anamusambitsa ukumudziwa."

Ndinafinya nsanza ija ngakhale munalibenso madzi.

"Kan-chan analibe chibwibwi kale. Chinamuyamba tsiku la maliro. Ndiye taganiza wekha. Pa atsikana onse a sukulu ino, wasankhiranji mwana wa munthu amene anaona nkhope ya mchemwali wake komaliza? Sakufuna iwe. Ali ndi zoti afunse basi." Anapukuta zala zake pa siketi. "Komanso mayi ake akangomva dzina la Tokiwa amawoloka msewu. Ine ndikungokuchenjeza ngati mnzako."

"Ndilibe mnzanga," ndinatero.

Ndinkafuna kuti mawuwo amubaye, koma anamveka ngati ndikudandaula. Ririka anandiyang'ana mwachisoni, chisoni chake chopweteka kuposa mchere uja, n'kumapita.

* * *

Ndisanapite kunyumba ndinabwerera ku nyumba yakale. Ndinkafuna kudzitsimikizira kuti Ririka wanama.

Masitepe ankalira pansi pa mapazi anga. Nditalowa m'kachipinda kanga ndinasindikiza batani la getsi, chinthu chimene ndinali ndisanayesepo chifukwa masana kuwala kwa pawindo kunkakwana. Silinayake. Ndinasindikizanso, osayaka.

Kenako ndinatsatira waya wa foni ndi chala. Unatsika ndi khoma, n'kulowa kuseri kwa kabati. Ndinakankha kabatiyo. Wayayo unathera pomwepo, wodulidwa bwinobwino ndi mpeni, nsonga yake itachita dzimbiri.

Ndikubwerera m'mbuyo ndinaponda ponyowa. Pansi pa foni matabwa anali akuda ndi madzi, malo ochepa, okwana munthu mmodzi kuimapo.

Ndinatsika masitepe osacheuka. Kabokosi kanga ka chakudya ndinakakumbukira ndili kale m'sitima.

* * *

Bambo ndinawapeza m'galaja akupukuta galimoto yakuda ija. Ankaipukuta tsiku lililonse, kaya pali maliro kaya palibe. Malaya awo ankanunkhira lubani, fungo limene ine ndinakula ndikuliyesa la bambo aliyense.

"Bambo, mukumukumbukira Urabe Chizuru?"

Dzanja lawo linaima. "Za akufa amene ndawagwira sindinena. Ukudziwa."

"Ndikudziwa. Koma mchimwene wake ali m'kalasi mwanga."

Anandiyang'ana kwa kanthawi. Munthu wozolowera nkhope zosalankhula savutika ndi ya mwana wake.

"Wamtali uja?"

"Eya."

"Za amoyo ndinganene," anatero, akupinda nsanza. "Anali kamwana nthawi imeneyo. Anakana kuchoka pakhomo la chipinda chimene ndinkagwiriramo ntchito. Mayi ake ndi amene anakana kulowa. Anati amene tamuvuula m'madziyo si mwana wawo, ine ndikuwanamiza. Mpaka lero kumanda sanapondeko, ndipo ndimamva kuti patebulo amaikabe mbale yake."

Mvula inkagunda malata a galaja.

"Mebuki, banja limenelo ndi lovulala. Mayi akewo akadzakuona sadzaona mtsikana wa sukulu. Adzaona ine ndi bokosi. Mnyamatayo adzayenera kusankha, ndipo ine sindinaonepo mwana wosiya mayi ake akulira. Zisiye zisanakule."

"Palibe chimene chayamba."

"Nanga wafiiriranji?"

Ndinathawira m'nyumba.

* * *

Lachiwiri sindinapite ku nyumba yakale. Lachitatunso ayi. Ndinabwerera kumene ndinkadyera chaka chatha, m'chimbudzi cha atsikana cha kumapeto kwa khonde, nditakweza miyendo kuti asaone nsapato zanga. Kawindo ka mmenemo kanayang'ana kubwalo, ndipo kuchokera m'chifunga ndinkaimva foni ija ikulira. Inkalira osaleka mpaka belu. Anyamata osewera mpira pabwalopo sankacheuka n'komwe.

Ndinkadziuza kuti ndi Urabe akundifuna, ndipo zimenezi zinkandipweteka komanso kundisangalatsa nthawi imodzi. Za waya wodulidwa uja ndinkayesetsa kusaziganiza.

Lachinayi ndikutuluka m'kalasi ndinaona Ririka akukokera desiki yake pafupi ndi ya Urabe.

"Kan-chan, lero sukuthawa. Amayi ako andiuza kuti ukuonda. Yasama."

Ndinapita kuchimbudzi kwanga mtima ukuwawa. Ndisanalume n'komwe mpunga wanga, foni ya m'thumba inanjenjemera. Nambala yachilendo.

"Ndine Urabe."

"Wa m'kalasi mwanu."

"Wamtali uja."

"Nambala ndaipeza pa gulu la pa foni la kalasi yathu. Pepani. Sikuti ndinkaisakasaka."

"Ndinkaisakasaka."

Ndinadziluma mlomo kuti ndisaseke. Ndinalemba kuti: "Ndakudziwani. Chonde siyani kuimba foni yapakhoma."

"Sindikuimba. Ndili m'kalasi. Somekawa wandipanikiza ndi mazira."

Ndinakweza mutu. Kunja, kuseri kwa chifunga, foni inali ikulirabe.

Uthenga wina unafika. "Ndalakwa chiyani, Tokiwa-san?"

Ndinalemba, n'kufufuta, n'kulembanso. Potsiriza ndinatumiza funso limene linkandidya: "Mumacheza nane kuti mundifunse za Chizuru-san?"

Timadontho tosonyeza kuti akulemba tinkaoneka n'kuzima, kuoneka n'kuzima. Belu linalira. Foni ya ku nyumba yakale inaleka. Ndipo yankho linabwera.

"Mawa. Pa geti. Ndi miyendo. Chonde."

* * *

Lachisanu mvula inakula. Ndinamupeza pa geti ataima njo, ambulera yakuda m'manja, nkhope ili ngati akudikira munthu woti amumenye. Atsikana a chaka choyamba ankazungulira patali.

Ndinawerama. Nayenso anawerama pobweza moni. Ambulera zathu zinagundana, madzi n'kundithira m'khosi.

Tinauyamba ulendo. Iye patsogolo, ine pambuyo, mwakachetechete, mtunda wake ngati wa anthu operekeza maliro. Tinadutsa sitolo zotsekedwa za mumsewu waukulu, zija eni ake anakalamba ana osabwerera. Tinadutsa kachisi, akhwangwala atandanda pageti pake atanyowa. Kangapo ndinaona mapewa ake akukwera, kusonyeza kuti akukoka mpweya woti alankhule, koma ankatsikanso opanda kanthu.

Titafika pa mlatho anaima. Anatulutsa foni yake, n'kusindikiza. Ya m'thumba mwanga inayamba kunjenjemera.

Ndinamuyang'ana. Anali pafupi moti ndikanatha kumugwira.

"Ayi," ndinatero. "Sindiyankha. Ndili pompano."

Anaiyang'ana foniyo ngati munthu amene walandidwa ndodo yoyendera. Kenako anaibweza m'thumba. Pansi pathu mtsinje unali utadzaza, wamatope, ukukokolola nthambi.

"Ndi-ndi-ndinkapita ku nyumba yakale chifukwa cha a-achemwali. Ndi zoona." Mawu ankatuluka ngati akuwazula. "Koma m'kachipinda kawo si-sindinkatha kulowamo. Ndinkangokhala pansi pake. Za bambo anu sindinafunepo kufunsa. Ndinawaona ndekha tsiku lija. Anawapesa tsitsi achemwali pang'onopang'ono, ngati a-angamve kuwawa. Ndi okhawo amene sanandiuze kuti ndilimbe mtima."

Maso anga anayamba kutentha. Palibe amene ananenapo zabwino za ntchito ya bambo anga ine ndikumva.

"Sindinkadziwa kuti pamwamba mumakhala inu," anapitiriza. "Tsiku lina foni inalira. Ndinachita mantha, koma ndinanyamula. Munali inu. Basi."

"Dikirani. Mwati inalira kwanu?"

"Eya. Mu-munaimba inu."

"Ine sindinaimbe. Inalira kwanga. Ndimayesa ndinu."

Tinayang'anana. Kanali koyamba kuti tiyang'anane osathawitsa maso.

"Nanga masiku ena onsewa?" ndinafunsa.

"Ndimakhala pansi n'kudikira kuti ilire."

"Inenso."

Mphepo inawomba kuchokera kumadzi, yozizira ngati ya m'chipinda cha bambo chosungiramo mitembo. Ndinamuuza za waya wodulidwa ndi za matabwa onyowa. Sanatsutse. Anangoyang'ana kumunsi kwa mlatho, kumene chifunga chinkagona pamadzi. Nditatsitsa maso ndinapeza kuti ndagwira mkono wa jekete lake, ndipo sindinkadziwa kuti ndaugwira liti.

"Mukuganiza kuti ndi iwowo?" ndinanong'ona.

"Ankakonda kulowerera za eni," anatero. "A-ankati ndikadzakula wopanda mnzanga adzandisakira okha."

Ndinaseka ndi misozi yomwe, ngakhale msana wonse unali utachita tsembwe. Iye anatseka ambulera yake, n'kuwerama kulowa pansi pa yanga, n'kuigwira m'mwamba kuti tikwanemo tonse. Phewa lake limodzi linatsala kunja likunyowa.

"Me..." anayamba. Nsidze zinakumana. "Me-Me..."

Sindinamuthandize. Ndinadikira.

"Mebuki." Anapuma ngati wakwera phiri. "Ndi-ndingakutchule choncho?"

"Watchula kale, Kanta."

* * *

Nyali ziwiri zinatulukira m'chifunga. Inali galimoto yoyera ya sitolo ya makeke, ndipo inadzaima pakati penipeni pa mlatho. Kutsogolo, pambali pa woyendetsa, kunali Ririka atapinda manja.

Anatsika mayi wamng'ono thupi, wa imvi zosayenerana ndi zaka zake, atavala epuloni, wopanda ambulera. Kanta anauma.

"A-a-amayi."

"Kwera," anatero mayiwo. Mawu awo anali osalala, aulemu, ozizira. Sanandiyang'ane kumaso. Anayang'ana dzanja langa. "Ririka-chan wandiuza. Mwana wa a Tokiwa, eti. Pa malo onse a m'tauni muno mwasankha kuimira pano. Siya mkono wa mwana wanga."

Ndinausiya. Zonse zimene bambo ananena zinkachitika ndikuona. Koma ndinali nditatha miyezi ndikuphunzira kupereka moni, ndiye ndinati ngakhale andithamangitse, andithamangitse nditalankhula. Ndinawerama.

"Pepani, mayi. Sindinafune kukukhumudwitsani. Kanta sanalakwe, ndine ndinavomera kuyenda naye." Nditaweramuka ndinaona madzi akuyenderera m'tsitsi lawo. "Mvula yakula. Munyowa."

Mayiwo sanasunthe. Mutu wawo unapendekeka pang'ono, ngati munthu amene wamva kuitana kutali.

"Tanenanso."

"Mayi?"

"Zimene wanenazo. Tanenanso."

"Ndati... munyowa."

Nkhope yawo inasungunuka ndikuona. Makwinya a pakamwa anamasuka, maso anadzaza, ndipo anamwetulira kumwetulira kwakukulu kumene kunandiopsa kuposa ukali uja. Anayandikira n'kundigwira tsaya. Zala zawo zinali zozizira, zonunkhira shuga.

"Wachedwatu," anatero motsitsa. "Mvula yonseyi unali kuti? Ndinawauza ine. Ndinawauza onse."

"Mayi, ine ndine Tokiwa Meb..."

"Taona mmene wawondera. Tiye, madzi osamba ndatenthetsa kale."

Ririka anatsitsa galasi, nkhope itayera. "Mayi, ameneyo si..."

"Pita kumbuyo, Ririka-chan. Mpando umenewo ndi wa Chizuru."

Dzanja lawo linatsika n'kugwira mkono wanga, ndipo linagwira zolimba. Ndinatembenukira kwa Kanta. Maso ake anali kumwamba, ku nsalu ya ambulera, monga ankachitira m'kalasi. Pamenepo ndinazindikira chifukwa chimene mawu ake ankamasukira pa foni, pamene sankaona nkhope yanga.

"Mawu anga amafanana ndi a Chizuru," ndinanong'ona. "Unkadziwa."

"Po-poyamba pokha." Anatsitsa maso, ofiira. "Tsiku loyamba ndinayesa ndi iwowo. Koma pano ayi. Ndikulumbira, pano ndimamva iwe."

"Ndiye auze amayi ako."

Anatsegula pakamwa. Anayang'ana amayi ake, amene ankandisisita tsitsi akung'ung'udza kanyimbo. Anatsekanso pakamwa.

"Kanta, waimiranji?" anatero mayiwo mokondwa. "Tsegulira achemwali ako chitseko."

"Chimwalirireni sa-sanamwetulirepo," Kanta ananong'ona, osandiyang'ana. "Chonde, Mebuki. Lero lokha."

Anapita, natsegula chitseko.

Ndikanatha kukoka mkono wanga n'kuthamangira ku siteshoni. Ndinaganiza zimenezo. Koma mayiwo anali ataima m'mphepete mwa mlatho, mtsinje ukubangula kumbuyo kwawo, ndipo sindinadziwe chimene angachite mwana wawo akawathawa kachiwiri pa malo omwewo.

Ndinakwera. Mpando unali wofunda pamene panakhala Ririka. Kumbuyo, pakati pa mabokosi a makeke, iye ndi Kanta anakhala osayang'anana. Mayi Urabe anandimanga okha lamba, n'kukhoma zitseko zonse, n'kuliza galimoto.

"Lero upume," anatero, akundisisita bondo pamene tinkalowa m'chifunga. "Mawa m'mawa tipita kwa bambo wa mabokosi uja. Akakuone ndi maso ake kuti uli moyo, kenako akandigwadire."